A Pompano ndi Foni ya Malemu

Aliyense wodutsa mumsewu wa masitolo a nsalu ankawadziwa a Pompano, ngakhale amene sanawasiyirepo foni. Kashopu kawo kanali pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa mayi wosoka zovala ndi mkulu wodula makiyi. Kanali kochepa moti kasitomala wonenepa ankafotokoza vuto lake ataima panja. Dzinalo sanabadwe nalo ayi, analiputa ndi pakamwa pawo. Aliyense wofunsa kuti foni yake itheka liti ankayankhidwa liwu limodzi, maso ali pantchito: "Pompano." Amisiri tikuwadziwa, pompano wawo amafika khanda litamera mano. Koma wa bambo amenewa ankakhaladi pompano, ndipo n'chifukwa chake dzinalo linawakanirira popanda mnyozo.

Anayamba ndi mawotchi ali mnyamata. Anthu atasiya kuvala mawotchi anasamukira ku mawailesi, mawailesi nawo atayamba kugona m'makabati anaphunzira mafoni, osadandaula, ngati munthu wosintha malaya. Imvi zitabwera, manja anayamba kunjenjemera pa tizitsulo tam'kati mwa foni, ndipo anyamata a maso akuthwa anawalanda ntchito ya magalasi osweka ndi mabatire. Iwo anatsala ndi ntchito imene anyamatawo ankaipeputsa chifukwa ndi yodikirira. Munthu wagula foni yatsopano, kapena yakale yayamba kudwala, ndiye akufuna zithunzi, manambala ndi mauthenga ake zisungidwe kwina, pa intaneti kapena pakompyuta, kuti foni ikafa zisafere limodzi. Anyamata amati bakapu. A Pompano ankati kusamutsa katundu.

Kwina konse ntchito imeneyi inkadya tsiku lathunthu. Kamzere kosonyeza pamene zafika kankayenda monyinyirika, mwini foni n'kuyasamula mpaka nsagwada kuwawa, kenako netiweki n'kudula, zonse n'kuyambiranso. Kwa a Pompano munthu ankasiya foni, kupita kukametetsa, pobwera n'kupeza zatha. Ena ankanong'ona kuti ali ndi makina apadera. Makina ake ati? Chinsinsi chawo ankachinena poyera kwa aliyense wofuna kumva.

"Wosamuka wanzeru sanyamula zinyalala," ankatero. "Inu mukufuna galimoto ithamange, koma mwakwezamo ndi mipando yothyoka yomwe."

Ndipo zinyalalazo anthu amasungadi, tisabisane. Zithunzi za maluwa zolembedwa kuti mwadzuka bwanji, zochokera kwa azakhali amene sanabwerepo kudzakuzondani mukudwala. Kanema mmodzi yemweyo wa mlaliki akutuluka thukuta, wafika kudzera kugulu la tchalitchi, wafikanso kugulu la banja, wafikanso kwa anzanu akusukulu. Koma zolemera kuposa zonse zinali zimene iwo ankazitcha makanema a m'thumba. Munthu wadina kamera osadziwa, foni n'kumajambula mdima wa m'chikwama, kapena mapazi akuyenda, mpaka batire kutha. Kanema mmodzi wotere ankalemera kuposa zithunzi za ukwati wonse.

Ndiye a Pompano ankandandalika zonse za m'foni kuyambira cholemera kwambiri kutsika m'munsi, n'kusesa za pamwambazo. Akatero ankakhuthulanso kadzala ka m'foni komwe zofufutidwa zimakadikirira, chifukwa zikadali m'menemo malo amakhala asanapezeke. Kenako ankavula foni chikuto kuti isatenthe, kuilumikiza kumoto, kutseka zonse zoyenda mobisa, kuletsa oimba, n'kuyamba kusamutsa m'mawa anthu asanadzazane pa netiweki. Poyamba ankafunsa mwini wake asanafufute kanema wa m'thumba, koma yankho linkakhala lomwelo: "Aaa, chotsani, ndiutani?" Mapeto ake anasiya kufunsa, ndipo zaka zonsezo palibe anabwerapo kudzalirira mapazi ake. Chala chawo chinazolowera moti chinkayenda chokha, mwini wake akucheza ndi wodula makiyi.

Lamulo lawo lalikulu linali la mawu. Foni ikangofika m'manja mwawo, asanachite china chilichonse, ankatsitsa mawu ake mpaka zii. Anali ataona amisiri anzawo akuunjikana pakona, kumvetsera mauthenga a makasitomala n'kumafa nalo phwete, ndipo zinkawanyansa.

"Foni ya munthu ndi kuchipinda kwake," ankauza mayi wosoka uja. "Akakutuma kukakonza zenera kuchipinda, suvundukula zofunda."

N'chifukwa chake amayi ambiri, ndi abambo a zinsinsi zawo omwe, ankadutsa mashopu owala magetsi n'kudzawerama pansi pa masitepe. Limeneli linali khalidwe labwino, ndipo wolitsutsa ndi wanjiru basi. Chowawa n'chakuti munthu nthawi zina amapunthwa ndi mwendo wake wabwinowo.

Kunyumba kwawo mawu sankatsitsidwa, chifukwa akazi awo anali mayi wolankhula. Ankagwira ntchito yosita kumalo ochapirako zovala, ndipo akaweruka ankayambira nkhani za tsiku lonse pakhomo, chikwama chisanatsike paphewa. A Pompano ankangoika "ee" ndi "oo" m'malo oyenera, ndipo ukwati unayenda choncho bwinobwino. Za foni mayiwo sankafuna kuphunzira zambiri. Ankadziwa kuyankha, kukanikiza kabatani n'kulankhula uthenga wa mawu, ndi kutumiza maluwa a m'mawa aja, ndipo pa maluwapo analibe wopikisana naye. Kupatula apo, chala chawo chinkangodina paliponse, foni n'kumachita zimene yafuna. Amuna awo akati abwere nayo aisese, ankaibisa kumbuyo.

"Mukasese za makasitomala anu. Yangayi ili ndi mwini wake."

"Idzakuferani tsiku lina, mudzandifuna."

"Ikadzafa mudzaidzutsa. Ndinakwatiwa ndi mmisiri kuti nditani?"

Ankaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Choncho munthu amene anasamutsa katundu wa tauni yonse sanasungepo kanthu ka m'foni ya m'nyumba mwake.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anatengera pakamwa pa mayi ake. Ataphunzira uphunzitsi anasankha sukulu yakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi, pamene ina yapafupi inali itamuitana. Mayi ake zinawawawa kwambiri. Tsiku lonyamuka mawu anakula. Mayi anati ukuthawa makolo ako ngati akununkha. Mwana anati inu simundifunira zabwino, mukufuna ndikalambire pakhonde panu. Ananyamula chikwama osatsanzika bwino, bambo ake atangoima pakati ngati chitseko. Pambuyo pake awiriwo ankaimbirana ndithu, koma za moni ndi za mvula, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe.

Matenda sanadikire nawo. Mayiwo anayamba kutopa ali pa ayironi, kenako kuonda, kenako chipatala. Wowadwazika anali mng'ono wawo, mlamu wa a Pompano, pamene bamboyo ankagawa tsiku pakati pa shopu ndi wodi. Mwana ankauzidwa kuti akupezako bwino, monga timanamizira ana athu poganiza kuti tikuwakonda. Ulendo womaliza kulankhulana ndi mwanayo pafoni, mawu a mayi anali atatsala pang'ono.

"Usayambe kulira," anatero. "Zambiri ndakuikira mufoni muno. Udzamvera wekha."

Mwana anakwera basi m'mawa mwake, koma anafika mayi ake atatsirizika kale.

Foni ija a Pompano anaiika m'dirowa ya kuchipinda. Sanaitsegule. Mwa apo ndi apo ankailumikiza kumoto kuti isafe, n'kuibweza momwemo. Pa nthawi ya maliro mwana analibe mphamvu yofunsa, ndipo anabwerera kusukulu ndi funso lake lili pakhosi: kodi m'mawu amenewo muli chikhululuko, kapena mayi anapita ndi mkwiyo wawo? Ankaphunzitsa ana a eni masana, funsolo likumudya. Akaimba kunyumba nkhani inali imodzi.

"Bambo, foni ija mwaiona?"

"Pompano, mwanawe."

Aka kanali koyamba pompano wawo kukhala wabodza. Zoona zake n'zakuti ankaopa. Ankaopa kumva mawu a mkazi wawo akutuluka m'kachitsulo mwini wake ali m'manda, ndipo ankaopanso zimene mawuwo akanamuchita mwana wawo. Nyumba inali itangoti zii, ndipo iwo, amene moyo wawo wonse ankalakalaka kabata pang'ono, tsopano ankayatsa wailesi n'kupita kukakhala panja.

Sukulu zitatsekera mwana anabwera, ndipo sanapemphenso. Anatsegula dirowa yekha, n'kuika foni patebulo pafupi ndi kapu ya tiyi ya bambo ake.

"Lero, Bambo. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

Atayatsa anaona kuti zinthu zaipa. Foniyo inali itagwerapo m'beseni kuchipatala, ndipo madzi amenewo anakhala akugwira ntchito yawo mwakachetechete m'dirowamo. Kumbuyo kunali kutatupa. Inkayaka, kutentha, n'kuzima yokha pasanapite nthawi. Mwana akati atsegule mauthenga, inkauma gwa, kenako mdima. Pobayira nthambo panali patadyeka, pankangolowa moto wokha, moti kukokera zinthu pakompyuta kunali kosatheka. Njira inatsala imodzi, kutumiza zonse pa intaneti foni isanazime komaliza, n'kukazitsitsira mufoni ina.

Mwana anayang'ana bambo ake. A Pompano anaitembenuza foni ija m'manja, ndipo koyamba chichitikireni maliro msana wawo unawongoka.

"Iyi ndi ntchito yanga," anatero. "Ndapulumutsa zoipa kuposa iyi. Mawu a mayi ako sasowa."

M'mawa mwake anapita limodzi kushopu, msewu usanadzaze. Mayi wosoka yekha ndiye anali atafika, akusesa pakhomo pake. Atamuona mwanayo anataya tsache n'kumukumbatira.

"Ii, mwanangu, nkhope ya malemu yeniyeni! Lowa kuno ukhale ndi ine, uwasiye bambo ako. Amuna ukawaimirira pamsana amayamba kudzionetsera."

Anamukokera m'kati, ndipo a Pompano anatsala okha ndi foni ya akazi awo. Anaivula chikuto, kuigoneka pa thailosi yozizira, n'kuilozetsa kafani kawo kakang'ono. Anatsitsa mawu mpaka zii, monga mwa nthawi zonse. Analetsa oimba, chifukwa panali anthu ena amene ankaimbabe nambala imeneyi, uthenga usanawafike. Anadina kuti iyambe. Foni inakana, inati malo adzaza. Foni isanatumize katundu imayamba yamumanga mtolo umodzi, ndipo pomangirapo pamafunika malo, koma iyi inali yodzaza mpaka pakhosi. Anayesanso, inatentha n'kuzima. Poyatsanso inachedwa kudzuka kuposa poyamba. Anadziwa kuti mipata yatsala yochepa, mwina umodzi wokha.

Anayamba ndi mauthenga a mawu. Onse anawapatula, osakhudza ngakhale kamodzi, chifukwa m'menemo ndi momwe munali chuma cha mwana wawo. Kenako anandandalika katundu wotsala kuyambira cholemera. Pamwamba pa zonse panali chimwala chenicheni, kanema mmodzi wolemera kuposa zina zonse kuphatikiza pamodzi. Anamutsegula. Denga loyera, ndi nyali yayitali yozima. Anakankhira pakati, denga. Anakankhira kumapeto, denga lomwelo. Anapukusa mutu, kumwetulira kukufuna kubwera. Mayi aja ndi mabatani! Chala chinachita zimene chinali chitachita kambirimbiri. Mlaliki wa thukuta anatsatira, ndi makanema a anthu ovina amene sankawadziwa n'komwe. Atafika pa maluwa a m'mawa chala chinaima, chifukwa maluwawo anali a mayi, ndipo anasiyako angapo kuti mwana adzaone. Anakhuthula kadzala, malo anatseguka, n'kudinanso kuti iyambe.

Kamzere kananyamuka. A Pompano anagwira m'mphepete mwa tebulo, akuuzira foni ndi pakamwa ngati kafani sikakukwana. Wodula makiyi anafika n'kupereka moni, sanayankhidwe. Kamzere kanadutsa pakati, kanaima pang'ono, mtima wawo n'kuima nako, kenako kanathamangira kumapeto. Foni inalemba kuti zonse zasungidwa. Inakhala ikuwala kanthawi kochepa, n'kuzima. Anayesa kuiyatsanso kuti aone, koma ulendo uno inali itapitiratu.

"Zatha," anaitana a Pompano. "Mwanawe, zatha. Tazipulumutsa."

"Ndiye a Pompano amenewo!" anafuula mayi wosoka, akuomba m'manja.

Mwana anatuluka n'kugwira dzanja la bambo ake ndi manja awiri. Anatsitsira zonse mufoni ina imene inkakhala m'shopumo, anatseka, n'kubwerera kunyumba dzuwa lisanafike paliwombo. Panjira a Pompano ankayenda ngati munthu wabweza mwana wotayika kwa amake.

Anakhala pabalaza, pampando wautali umene mayi ankakonda kupindirapo zovala. Mwana anakweza mawu mpaka pamapeto, n'kudina uthenga woyamba.

"Bambo ake, pobwera mugule sopo. Osati wonunkha mankhwala uja munagula tsiku lija, ndikakubwezani naye."

A Pompano anagwira pamtima. Mawu aja anadzaza nyumba yonse, ndi kupuma kwake komwe, ndi phokoso la makina ochapira kumbuyo. Zimene ankaopa zinafika, ndipo zinawawa monga ankaganizira, koma sanafune kuti zileke.

"Pitiriza," anatero.

Anamva mayi akudandaulira mnzawo wa kuntchito za malaya a munthu amene anapsa pakolala. Anawamva akuphunzitsa gulu la kwaya nyimbo, akukwera pamene anzawo amatsika, ndipo bambo ndi mwana anaseka misozi ili m'masaya. Anamva akukalipira mng'ono wawo chifukwa chobwereka ambulera osabweza. Mauthenga opita kwa mwana analipo, koma anali akale, a moni ndi a mvula, amene anawamva kale. Tiyi anazizira patebulo. Mndandanda unkafupika, ndipo kuseka kunatha. Mwana anayamba kudina mofulumira, kumva mawu awiri n'kudumphira wotsatira. Womaliza unali wa kuchipatala, wopita kwa amuna awo, mawu ali otopa: "Mubweretse bulangete lija la mizere, kuno kukuzizira."

Pansi pake panalibenso china.

"Bwerera pamwamba," anatero a Pompano. "Mwina tadumpha."

"Sitinadumphe."

"Mwina anangonena, mwanawe. Mankhwala aja amasokoneza mutu."

"Ayi, Bambo. Amayi sankanena chinthu chimene sanachite." Anaika foni pamiyendo, akuyang'ana khoma. "Kapena anayamba, n'kuona kuti alibe choti andiuze. Mwina sanandikhululukire."

Bambo ake anatsegula pakamwa, koma anali munthu wa "ee" ndi "oo", ndipo apa panalibe poika ee. Nthawi yomweyo kunja kunamveka odi. Anali mlamu uja, atamva kuti mwana wabwera. Analowa ndi phokoso lake, akukupiza nkhope ndi mpango.

"Alamu, mwaonda chonchi bwanji? Mukufuna anthu azinena kuti kwathu sitisamala amuna a abale athu?" Kenako anaona nkhope zawo, n'kutsitsa chikwama pang'onopang'ono. "Kwagwanji?"

"Mawu aja, amayi aang'ono," anatero mwana. "Amene amayi anati andisiyira. Tamvera mauthenga onse. Mulibe."

"Mauthenga? Ii, simungawapeze m'menemo. Bwanji osandifunsa ine?" Mlamu anakhala pamkono wa mpando. "Anakana kutumiza ngati uthenga. Anati ukangomva usiya ana a sukulu n'kuthamangira kuno ukulira m'basi. Komanso chala chinalibenso mphamvu yokanikiza batani. Ndiye ndinawayatsira kamera, kuti azingolankhula. Anayesa kuigwira okha, inkawagwera kumaso. Mapeto ake anati ndiigoneke pachifuwa pawo, pafupi ndi pakamwa, ndipo nditulukemo. Anati za mayi ndi mwana sizifuna mboni. Ndinakhala pabenchi panja mpaka miyendo kuchita dzanzi. Fufuza m'makanema, mwanangu. Nkhope suiona, kamera inaloza kumwamba."

Mwana anatola foni mwachangu, nkhope itawala. A Pompano sanasunthe. Chala chawo cha kumanja anachiyang'ana ngati cha mlendo. Palibe munthu m'tauni yonse amene ankadziwa bwino kuposa iwo kuti chofufutidwa chikachoka m'kadzala, mtolo n'kumangidwa pamalo pake, sichibwereranso, ngakhale foni ikhale yamoyo. Ndipo iyi inali itafa.

"Pali kwaya," mwana ankanena, chala chikutsetsereka. "Pali amayi akuonetsa makatani atsopano. Pali mwana wa aneba. Wa kuchipatala palibe. Bambo, mwina sanasamuke, mwina anatsalira mufoni yakale ija. Tiipititse kwa anyamata aja, aitsegule m'kati."

Khomo lothawira linali lotsegula, ndipo a Pompano analiona. Foni inagwera m'madzi, foni inafa, ndani angaiimbe mlandu? Panalibe mboni pansi pa masitepe paja. Akanangoti ee, mwana akanayendayenda kwa amisiri, n'kutopa, n'kunena kuti ndi tsoka. Koma akanakhala akuyembekezera zaka zambiri, ndipo iwo akanamayang'ana chiyembekezo chimenecho tsiku lililonse akudziwa kuti n'chopanda kanthu.

"Usavutike, mwanawe," anatero. "Mulibe. Konsekonse mulibe."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndinamuona m'mawa uja. Anali pamwamba pa zonse, wolemera kuposa onse. Ndinaona denga lokhalokha. Ndinayesa ndi wa m'thumba."

"Ndiye?"

"Ndinamufufuta kuti malo apezeke. Ndi kadzala komwe ndinakhuthula."

Mlamu anagwira pakamwa ndi manja awiri.

"Koma mawu, Bambo? Simunamve kuti akulankhula?"

"Ndinali nditatsitsa."

A Pompano anadikira mkuntho. Ankaufuna, chifukwa mwana ameneyu anali ndi pakamwa pa mayi ake, ndipo kukalipiridwa kukanawapepukira. Koma mkuntho sunabwere. Mwana anaika foni patebulo mosamala, ngati ingasweke, n'kupinda manja. Kunja munthu wogulitsa matsache anadutsa akuitanira malonda ake mpaka mawu ake anazimiririka.

"Amayi aang'ono," anatero patapita nthawi, osatembenuka, "simunamveko kalikonse?"

"Chitseko chinali chotseka, mwanangu. Ndikanadziwa ndikanaika khutu, ngakhale ndi mwano."

"Nanga mutalowa? Ankaoneka bwanji?"

"Anangoti zimitsa, n'kutembenukira kukhoma. M'maso munali monyowa, koma masiku amenewo misozi inkangotuluka yokha. Sindingakunamize."

Mwana anagwedeza mutu. Kenako anatembenukira kwa bambo ake, ndipo m'maso mwake munalibe mkwiyo, munali njala. Anasendera pafupi mpaka mawondo awo kugundana.

"Ndinu nokha munamuona, Bambo. Ndiuzeni zimene munaona. Zonse, musasiye kanthu."

"Denga, mwanawe."

"Lotani?"

A Pompano anatsinzina. Diso la mmisiri limasunga ngakhale zimene mwini wake sanaziganizire, ndipo kanema uja anayamba kubwerera pang'onopang'ono.

"Loyera. Panali nyali yayitali, yozima. Pakona panali banga la madzi." Anapitiriza ali chitsinzinire. "Ndipo silinaime malo amodzi. Linkakwera pang'ono, n'kutsika. Kukwera, n'kutsika. Ndinayesa ndi foni ikugwedezeka."

Mlamu analira mokweza, nkhope ili mumpango. Mwana anaika dzanja pachifuwa pake, osadziwa kuti watero.

"Pitirizani."

"Pakati linkayenda mofatsa. Cha kumapeto linagwedezeka kwambiri, mofulumira, motsatizana."

"Ankaseka?" anafunsa mwana, atagwira malaya a bambo ake. "Mukuwadziwa amayi akamaseka, thupi lonse linkagwedezeka. Ankaseka, Bambo, kapena ankalira?"

A Pompano anafinya maso mwamphamvu, akufunafuna m'mutu mwawo kachidutswa kena kalikonse. Anakhala ndi mayi ameneyu kuyambira unyamata, ankadziwa kuseka kwake ndi kulira kwake ali kuseri kwa khoma. Akanayang'ana pang'ono pokha, akanadziwa. Anatsegula maso, misozi ikutsikira m'ndevu za imvi.

"Sindikudziwa, mwanawe," anatero. "Sindinayang'anitsitse. Ndinkafuna zithe msanga."